Misewu ya m'chipululu cha Namibia ndi funso la mwini mathiraki wa ku Lilongwe

Funso: "Ndili ndi mathiraki awiri, ndimanyamula katundu pakati pa Lilongwe, Beira ndi Lusaka. Alamu anga anapita ku Walvis Bay kukatenga galimoto yochokera ku England, ndipo chibwerereni sakuleka kutamanda misewu ya ku Namibia. Zikutheka bwanji kuti dziko la mchenga wokhawokha, la anthu ochepa chotero, likhale ndi misewu yoposa yathu? Nanga ine ndiyambe kupita kumeneko ndi mathiraki angawa?"

Yankho:

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Alamu anuwo sananame. Kwa zaka zingapo zotsatizana, bungwe la World Economic Forum likafunsa anthu amalonda za ubwino wa misewu ya m'mayiko awo, Namibia ndiyo inkakhala patsogolo mu Africa muno. Komabe iwo anayenda msewu umodzi wokha, waphula, wochoka kudoko kufika kumalire a Zambia. Ndiloleni ndikuonetseni zomwe zili kuseri kwa msewu umenewo, chifukwa yankho la funso lanu lachiwiri lagona pa loyambalo.

Dziko la Namibia ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 824,000. Malawi wathuyu angalowemo pafupifupi ka 7. Kalembera wa mu 2023 anapeza anthu ongopitirira pang'ono 3 miliyoni, kutanthauza kuti pa sikweya kilomita imodzi sipakwana anthu anayi, pamene kwathu kuno kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 186 pamalo a kukula komweko. Kumadzulo kuli chipululu cha Namib chomwe chimakafika m'nyanja ya Atlantic, kum'mawa kuli Kalahari. Mitsinje yoyenda chaka chonse ili m'malire mokhamokha: Orange kumwera, Kunene, Okavango ndi Zambezi kumpoto. Pakati ponsepa pali makwawa a mchenga omwe amayenda madzi masiku owerengeka pachaka, ena osayenda n'komwe kwa zaka zingapo.

Ambiri amaganiza kuti chipululu ndicho chimavuta kumangamo msewu. Kwa ife omanga misewu, mdani wamkulu ndi madzi. Phula lomwe mumaliona pamwamba ndi chikopa chabe, nthawi zambiri chosakwana masentimita asanu. Chomwe chimasenza thiraki yanu ndi miyala ndi dothi lotsenderedwa lomwe lili pansi pa phulalo. Dothi limenelo likakhala louma limalimba ngati njerwa yootcha. Madzi akangolowa, kaya podzera m'mng'alu wa phula, kaya chifukwa ngalande yatsekeka, limafewa, ndipo tayala lililonse lodutsapo limalikanda ngati mayi akukanda dongo la mbiya. Dzenje la pamsewu limabadwa chotero. Ku Lilongwe mvula imagwa mamilimita pafupifupi 800 kapena 900 pachaka, yonse m'miyezi isanu. Ku Walvis Bay siikwana mamilimita 20. Msewu womangidwa mofanana, ndi ndalama zofanana, udzakhala zaka zambiri ku Namibia kusiyana ndi ku Dedza kapena ku Mulanje. Mphatso imeneyi anthu a ku Namibia sanaigwirire ntchito, ndipo tiyenera kuivomereza tisanayambe kudzinyoza.

Iwonso madzi amawalanga nthawi zina. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mvula ikagwa kumapiri a pakati pa dziko, mitsinje youma ngati Kuiseb, Swakop, Omaruru ndi Ugab imadzuka mwadzidzidzi, ndipo munthu amene ali kumunsi, komwe kukuwala dzuwa, amangoona madzi a matope atafika pamsewu. N'chifukwa chake mukamayenda kumeneko mudzadabwa kuona mlatho wautali utamangidwa pamchenga wopanda ngakhale dontho. Kumpoto, m'chigwa cha Cuvelai chakufupi ndi Angola komwe kumakhala anthu ambiri, kumabwera madzi osefukira omwe eni ake amawatcha efundja. Mu 2008, 2009 ndi 2011 anadula misewu ndi kutsekereza midzi ndi masukulu. Kumeneko misewu amaikweza pamtumbira n'kuika makalavati ambirimbiri, ndipo mavuto ake amafanana ndi a kwathu ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Chodabwitsa china n'chakuti pomanga msewu, madzi omwewo ndi amene amasowa. Dothi silitsendereka likakhala louma, limafuna kunyowetsedwa pamlingo wake kuti makina aliphathike bwino. Kilomita imodzi imamwa mabauza ambiri. M'chipululu kontilakitala amayamba wakumba zitsime zakuya kapena kutunga madzi kutali kwambiri, ndipo ndalama zochuluka zimathera pamenepo. Dzuwa nalo limaumitsa phula mpaka kuyamba kung'aluka, choncho pakapita zaka pamafunika kuthira phula lina lopyapyala ndi timiyala pamwamba, ming'aluyo isanatsegulire madzi khomo. Ntchito imeneyi siioneka, nduna siidulirapo riboni, koma ndiyo imasunga msewu.

Tsono imvani chinthu chomwe alamu anu sanachione. Misewu yonse ya boma ku Namibia ndi yaitali makilomita pafupifupi 49,000, koma yaphula ndi cha m'ma 8,000 basi. Pa makilomita 6 alionse, pafupifupi 5 alibe phula. Boma linasankha kuika phula pamisewu ikuluikulu yomwe amaitcha ndi chilembo cha B: B1 yochoka ku Noordoewer pamtsinje wa Orange kudzera ku Keetmanshoop, Windhoek, Otjiwarongo ndi Tsumeb mpaka ku Oshikango kumalire a Angola, B2 yotsikira kunyanja ku Swakopmund ndi Walvis Bay, B6 yopita ku Botswana, B8 yopita ku Zambia, ndi ina yowerengeka. Yotsalayo, ya chilembo cha C ndi D, yambiri ndi yafumbi, yothiridwa miyala yaing'ono ndi mwala woyera wofumbutuka wotchedwa calcrete womwe umapezeka paliponse m'dera louma. Magiledala amaidutsa pandandanda wake, oyendetsa ake akugona m'makalavani m'mbali mwa msewu. Kwa ine apa ndi pomwe pali nzeru yaikulu. Msewu wodutsa galimoto 50 patsiku sufuna phula, umafuna giledala yobwera panthawi yake. Kwathu kuno msewu wafumbi timauona ngati msewu wongodikira phula, ndiye timausiya osausamala mpaka tsiku lomwe phulalo lidzabwere, ngati lidzabwere.

Sindikunena kuti misewu yafumbiyo ndi yabwino yonse. Yopita kumalo okopa alendo ngati Sossusvlei imadutsa galimoto zambiri kuposa zomwe inakonzedwera, ndipo imachita tizitunda ngati malata tomwe timamasula mabauti ndi kung'amba matayala. Alendo ambiri osazolowera amagubuduzika nazo galimoto pamisewu imeneyi. Miyala yothira pamwamba nayo imatha, mphepo ndi matayala zimaiulutsa, ndipo ntchito yothiranso ina yakhala ikutsalira m'mbuyo chifukwa cha kuperewera kwa ndalama.

M'mbali mwa nyanja muli mtundu wina wa msewu womwe ndimaukonda kwambiri, msewu wamchere. Amatenga dothi la m'deralo lomwe lili ndi mwala wofewa wotchedwa gypsum, n'kulithira madzi amchere kwambiri, n'kulitsendera. Galimoto zikamadutsapo umada n'kusalala mpaka mlendo amayesa phula. Chomwe chimausunga ndi chifunga chochokera kunyanja, chobadwa chifukwa cha madzi ozizira a m'nyanjamo otchedwa Benguela, chomwe chimanyowetsa mcherewo pang'ono pafupifupi m'mawa uliwonse kuti usafumbutuke. Mukapita kumpoto kwa Henties Bay kulowera ku Cape Cross mudzauona. Kukagwa chifunga chambiri umaterera koopsa, ndipo mvula yeniyeni ikagwa umasungunuka. Kwathu sungakhale ngakhale sabata imodzi ya mu Januwale. Ndautchula chifukwa ukusonyeza anthu amene anayang'ana zomwe dziko lawo lili nazo n'kumangira zomwezo.

Kuuma kwa dziko pakokha sikukanakwanira. Mayiko ouma okhala ndi misewu yoipa alipo ambiri. Chachiwiri ndi kayendetsedwe ka ndalama. Mu 1999 nyumba ya malamulo ya Namibia inakhazikitsa mabungwe omwe anayamba ntchito mu 2000: Roads Authority yoyang'anira misewu, ndi Road Fund Administration yotolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito misewuyo. Ndalamazo zimachokera pa msonkho wa pa lita iliyonse ya mafuta, pa malaisensi a galimoto, pa zomwe galimoto zakunja zimalipira polowa m'dziko, ndi pa msonkho wina wa galimoto zolemera kupitirira makilogalamu 3,500 womwe umawerengedwa potengera kulemera ndi mtunda womwe yayenda. Mfundo yake ndi yakuti wowononga msewu kwambiri alipire kwambiri, ndipo ndalamazo zibwerere kumsewu. Mudzazindikira maina amenewa, chifukwa nafenso mu 2006 tinakhazikitsa Roads Authority ndi Roads Fund Administration, ndipo pa M1 tili ndi zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke. Mabungwe tili nawo ofanana. Kusiyana kumabwera pa funso ili: kodi ndalama yotoleredwa pa mafuta ikufika kuthumba la misewu yonse ndi panthawi yake, nanga ikugwiritsidwa ntchito pomata ming'alu chaka chino kapena ikudikira kuti msewu ufe kuti tidzamange wina ndi ngongole? Kumata n'kotchipa kangapo kuposa kumanganso. Kwacha ikagwa mphamvu, phula lomwe timagula kunja limakwera mtengo pamene msonkho wa pa lita uli pomwepo, ndiye thumba limafota. Dola ya Namibia inamangiriridwa ku randi ya South Africa, imodzi kwa imodzi, ndipo izi zimawathandiza kukonza mapulani a zaka zingapo.

Apa ndi pomwe chipululu chimabwezera. Dziko louma limasunga msewu, koma mulibe anthu okwanira kuulipira. Anthu 3 miliyoni akusenza makilomita 49,000, pamene ife, anthu oposa 20 miliyoni, misewu yathu yolembedwa m'kaundula wa boma ndi yongopitirira makilomita 15,000. Pakati pa tauni ndi tauni inzake ku Namibia mutha kuyenda maola awiri osaona mudzi, ndipo kilomita iliyonse ya pamenepo ikufuna ndalama. Njira yomwe anaipeza ndi yogulitsa msewuwo kwa anansi opanda nyanja. Thiraki yanu ikalowa ku Namibia, kwa iwo ndinu kasitomala amene mwabwera kudzawathandiza kusenza mtolo, ndipo n'chifukwa chake amayesetsa kuti musachedwe padoko ndi m'malire.

Mtima wa malonda amenewa ndi Walvis Bay. Doko limeneli lili ndi mbiri yachilendo. Angelezi analitenga mu 1878, Ajeremani asanalande dziko lonse lozungulira, ndipo pambuyo pake linakhala m'manja mwa South Africa. Namibia italandira ufulu pa 21 Marichi 1990, dokolo linatsalabe kwa South Africa mpaka pa 1 Marichi 1994. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa Namport yoyendetsa madoko a Walvis Bay ndi Lüderitz. Mu 1998 msewu wa Trans-Kalahari unatha, wodutsa ku Gobabis, kenako ku Kang ndi Lobatse m'Botswana, kukafika ku Gauteng ku South Africa, ndipo mu 2000 kunabadwa Walvis Bay Corridor Group, bungwe la boma ndi amalonda lomwe ntchito yake ndi kukopa katundu wa mayiko ena. Lili ndi ofesi ngakhale ku Lusaka. Mu Ogasiti 2019 anatsegula malo atsopano otsitsira makontena, omangidwa ndi kampani ya China Harbour Engineering pa mahekitala 40 omwe anachita kukwirira m'nyanja, ndi ngongole ya African Development Bank. Chiwerengero cha makontena omwe dokolo lingathe kulandira pachaka chinachoka pa 350,000 kufika pa 750,000. Zambia, Botswana ndi Zimbabwe anapatsidwa malo awoawo osungira katundu padoko pomwepo.

Msewu womwe alamu anu anadzera ndi womwe umatchedwa Walvis Bay–Ndola–Lubumbashi. Ukachoka kunyanja umakwera kudzera ku Usakos, Otjiwarongo, Otavi ndi Grootfontein, n'kufika ku Rundu pamtsinje wa Okavango, kenako n'kulowa m'kamchira kaja kamene mumakaona pamapu, komwe kale kankatchedwa Caprivi ndipo kuyambira mu 2013 chigawo chake cha kum'mawa chimatchedwa Zambezi. Kamchira kameneka Ajeremani anakapeza pa pangano lawo ndi Angelezi mu 1890, pofuna njira yofikira ku mtsinje wa Zambezi. Mtsinjewo sunawathandize chifukwa kumunsi kuli mathithi a Mosi-oa-Tunya. Njirayo inadzakhala yaphindu patapita zaka zoposa 100, pamene mlatho wa Katima Mulilo, wautali pafupifupi mamita 900, unatsegulidwa mu Meyi 2004 ku Sesheke ndi thandizo la ndalama za dziko la Germany. Kale pamenepo ankaolotsa galimoto pa pantoni. Lero mathiraki amatsika ndi kopa wa ku Copperbelt ku Zambia ndi ku Katanga ku Congo, n'kukwera ndi salufa wa m'migodi, makina, mchere ndi nsomba za m'firiji zija za karapau.

Tsopano za njanji, chifukwa apa ndi pomwe pali bala la dzikoli. Njanji za Namibia ndi zaitali makilomita oposa 2,600, zimayendetsedwa ndi kampani ya boma ya TransNamib, ndipo mpata wake ndi wa mamilimita 1,067, wofanana ndi njanji zathu ndi za Zambia. Zambiri zinayalidwa ndi atsamunda pofuna nkhondo ndi miyala ya m'migodi. Ya Swakopmund kupita ku Windhoek inamangidwa kuyambira 1897 mpaka 1902. Ya Otavi, yokatenga kopa ku Tsumeb, inatha mu 1906, yopapatiza mamilimita 600 okha, ndipo anadzaikulitsa cha m'ma 1960. Ya kumwera, yochoka ku Lüderitz kupita ku Aus ndi Keetmanshoop, inamangidwa panthawi yomwe Ajeremani ankapulula anthu a mitundu ya Aherero ndi Anama. Akaidi ochokera kundende ya pa Shark Island ku Lüderitz komweko ndi amene anakakamizidwa kuiyala. Mwa anthu pafupifupi 2,000 omwe anagwiritsidwa ntchito pamenepo mu 1906 ndi 1907, oposa 1,300 anamwalira. Sindingalankhule za njanji imeneyi popanda kuwakumbuka, ndipo inunso mukadzaiona mudzawakumbuke.

Panjanji yomweyo, mu 1908, wantchito wina dzina lake Zacharias Lewala ankachotsa mchenga ndi fosholo pafupi ndi Kolmanskop pamene anatola mwala wonyezimira n'kuupereka kwa kapitawo wake August Stauch. Unali dayamondi, ndipo migodi ya dayamondi ya dzikoli inayambira pamenepo. Taonani ntchito yomwe bambo ameneyo ankagwira: kufosholera mchenga panjanji. Mpaka lero ntchitoyo sinathe. Pafupi ndi Lüderitz mphepo yamphamvu yochokera kumwera imayendetsa milu ya mchenga yooneka ngati mwezi wakhanda, ndipo milu imeneyi imasuntha mamita ambiri pachaka. Pamsewu wa B4 makatapila amakankha mchenga kawirikawiri, ndipo galimoto imatha kulambalala pang'ono. Sitima siilambalala. Mchenga wochepa chabe pamwamba pa chitsulo ungathe kuigwetsa, ndipo ukalowa pakati pa miyala yogonekapo njanji umaipha mphamvu, n'kumapala mawilo ndi kutseka zosefera za injini. Njanji ya Aus–Lüderitz inatsekedwa cha m'ma 1990. Ntchito yoikonza inayamba mu 2001 n'kutenga zaka zoposa khumi, ndipo itangotha mchenga unakwiriranso zigawo zina. Kuyambira mu 2019 doko la Lüderitz lakhala likutumiza kunja mwala wa m'migodi wa manganese wochokera ku Northern Cape ku South Africa, choncho nkhondo yolimbana ndi mchenga pamenepo tsopano ili ndi woilipira. Kugombe kulinso dzimbiri: chifunga chamchere chija chimadya chitsulo chilichonse, njanji, milatho, ngakhale pansi pa galimoto.

Boma la Namibia yodzilamulira linawonjezako njanji yakumpoto, yomwe inafika ku Ondangwa mu 2006 ndi ku Oshikango mu 2012, ndipo lakonzanso chigawo cha pakati pa Walvis Bay ndi Kranzberg kuti chizisenza matani 18.5 pa ekiselo iliyonse. Komabe zigawo zina zikadali ndi zitsulo zakale zopepuka pomwe sitima imayenda pang'onopang'ono, ndipo TransNamib yakhala ikuperewera mainjini. Zotsatira zake n'zakuti katundu wambiri, ngakhale wolemera ngati kopa ndi manganese yemwe malo ake ndi panjanji, ali pamsewu.

Inu monga mwini mathiraki mungaone ngati imeneyi ndi nkhani yabwino, ndipo pa malonda anu ndi yabwinodi. Koma dziwani zomwe thiraki imachita pamsewu. Kafukufuku wotchuka wa misewu yemwe anachitika ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anasonyeza kuti kuwonongeka kwa msewu sikukwera mofanana ndi kulemera kwa katundu. Ekiselo ikalemera kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Mukangopitiriza ndi 20 peresenti pa mlingo wololedwa, mwauwononga kawiri. Thiraki imodzi yodzaza imadya msewu kuposa galimoto zing'onozing'ono masauzande. N'chifukwa chake ku Namibia masikelo a pamsewu sachita nawo masewera, ndipo malire a kulemera kwa thiraki yonse ndi matani 56. N'chifukwa chakenso msewu wa B2 pakati pa Karibib, Usakos ndi Swakopmund, womwe ndi wopapatiza ndipo umadzaza mathiraki usana ndi usiku, wafunika kukulitsidwa. Malonda omwe akubweretsa ndalama za misewu ndi omwenso akuitha, ndipo ine ndikuona kuti ngati njanji siidzuka, mbiri yabwino ya misewu ya Namibia idzavuta kuisunga.

Njanji yolowera kwathu kuno imathera ku Grootfontein. Pali pulani yoipitiriza kudzera ku Rundu mpaka ku Katima Mulilo, mtunda wa makilomita oposa 700, kuti idzalumikizane ndi ya Zambia. Palinso ya Trans-Kalahari yomwe Namibia ndi Botswana anasainirana mu 2014, ya makilomita pafupifupi 1,500, yomwe cholinga chake choyamba chinali kunyamula malasha. Zonse ziwiri zimakumana ndi vuto lomwe lija la chipululu: njanji imabweza ndalama pokhapokha pakhale matani mamiliyoni chaka ndi chaka, ndipo m'njiramo mulibe matauni akuluakulu oti n'kuonjezera katundu. Musawerengere sitima pokonza mapulani anu a zaka zikubwerazi.

Ndibwere ku funso lanu lachiwiri. Kuchoka ku Walvis Bay kufika ku Katima Mulilo ndi makilomita pafupifupi 1,400. Kufika ku Lusaka ndi oposa 2,000. Kufika ku Lilongwe kudzera ku Chipata ndi Mchinji ndi pafupifupi 2,800. Ku Beira komwe mumapita kale sikukwana makilomita 1,000, ndipo ku Nacala ndi chapompo. Ndiye kuti ulendo umodzi wa ku Walvis Bay ndi maulendo atatu a ku Beira pa dizilo, matayala ndi alawansi ya dalaivala. Pa katundu wochokera ku China, India kapena Dubai wobwera ku Malawi, monga feteleza ndi katundu wa m'mashopu, Walvis Bay singapikisane ndi madoko a kum'mawa, ngakhale msewu utasalala chotani. Pomwe imapambana ndi pa katundu wochokera ku Ulaya ndi ku America, chifukwa sitima yapamadzi siizungulira ku Cape, ndiponso pa katundu wodula yemwe mwini wake akuopa kuchedwa padoko kapena kubedwa m'njira. Galimoto ya alamu anu ili m'gulu limenelo.

Chomwe chingakupindulitseni kwenikweni ndi katundu wa pakati pa dokolo ndi Zambia, osati wa ku Malawi. Koma pamenepo samalani. Mayiko ambiri a m'chigawo chino salola mwachisawawa kuti thiraki ya dziko lachitatu izinyamula katundu pakati pa mayiko awiri omwe si kwawo. Musanavomere ntchito iliyonse, pitani ku ofesi yopereka zilolezo za maulendo odutsa malire mukafunse ngati pepala lanu likukulolani, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Chinanso, musanyamuke musanapeze katundu wobwerera. Kuyenda makilomita 2,000 thiraki ili yopanda kanthu kungadye phindu la miyezi ingapo, ndipo makampani akuluakulu a pamsewu umenewo ali kale ndi makontilakiti a migodi mbali zonse ziwiri. Mwini mathiraki awiri amalowa bwino pogwira ntchito pansi pa kampani yotero kwa kanthawi.

Dziwaninso kuti ubwino wa msewu umathera pamlatho. Chigawo cha pakati pa Sesheke ndi Kazungula ku Zambia chimadutsa m'dambo la Zambezi, ndipo kwa zaka zambiri chakhala chokumbika moti madalaivala amatha maola ambiri pamtunda waufupi, ena kuthyola masipuling'i. Mfundo ija ya madzi mudzaionera pamenepo ndi maso anu. Ena amapatukira ku Ngoma n'kulowa m'Botswana kuti akaolokere pamlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu Meyi 2021, koma kutero n'kuonjezera malire ena ndi misonkho ina. Funsani madalaivala omwe adutsako sabata yomweyo kuti msewuwo uli bwanji.

Za mapepala, Namibia si membala wa COMESA, choncho inshulansi ya Yellow Card yomwe imakuthandizani ku Zambia kumeneko siigwira ntchito. Anthu ovulala pangozi amathandizidwa ndi thumba la Motor Vehicle Accident Fund lomwe ndalama zake zili kale mu mtengo wa mafuta, koma thumba limenelo sililipira galimoto kapena katundu wowonongeka. Uzani a inshulansi anu kuti alembe Namibia pa pepala lanu. Pamalire mudzalipira msonkho wolowera ndi uja wa kulemera ndi mtunda, ndipo malisiti ake muwasunge chifukwa amawafunsa m'njira ndi potuluka. Randi imalandiridwa paliponse. Pa B8, pamalo otchedwa Mururani pakati pa Rundu ndi Grootfontein, pali chipata cha mpanda woteteza ziweto ku matenda, womwe amautcha Red Line. Nyama yaiwisi yochokera kumpoto siiloledwa kudutsa kupita kumwera, ndiye dalaivala asagule ndiwo yoti akaphike kutsogolo.

Chomwe ndikukupemphani koposa ndi cha moyo wa dalaivala wanu. Namibia ili ndi misewu yabwino koma ngozi zakupha n'zambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Msewu woongoka, wosalala, wopanda mudzi kapena njinga, umagonetsa tulo ndipo umanyenga phazi kuti lipondebe. Dalaivala wozolowera M1, komwe maenje, akabaza ndi misika ya m'mbali mwa msewu zimamudzutsa mphindi iliyonse, sanayambe wakumanapo ndi tulo totere. Kuchoka ku Rundu kufika ku Divundu ndi makilomita pafupifupi 200, kuchoka pamenepo kufika ku Kongola enanso 200, ndipo chigawo chachiwirichi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Bwabwata momwe njovu zimaoloka msewu. Kumwera kwake kuli njiri ndi ngoma zomwe zimadumphira pamsewu kukamada, ndipo kumpoto ng'ombe ndi abulu zimagona paphula usiku chifukwa limafunda. Muuzeni aziyenda usana, azipuma maola awiri kapena atatu alionse, athire dizilo paliponse pomwe waipeza ngakhale thanki isanafike theka, ndipo anyamule madzi akumwa a masiku awiri, matayala apadera awiri, mafani belti ndi mapaipi a rediyeta, chifukwa makaniko ali kutali ndipo netiweki ya foni imasowa m'malo ena.

Ulendo woyamba tumizani thiraki imodzi yokha, yomwe ili bwino kwambiri mwa ziwirizo, ndipo inuyo mukwere nawo. Lembani m'kabuku dizilo yense, msonkho uliwonse ndi maola omwe mwaima pa Mwami, pa Katima Mulilo ndi padoko. Mukabwerako mugawe ndalama zonsezo ndi makilomita omwe mwayenda, muyerekeze ndi za ulendo wa ku Beira, kenako mundilemberenso tidzaonere limodzi manambalawo.